Buleki yanga inawira pa Khwekhwelere

Njinga ija ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe. Ya m'mapiri, matayala onenepa, magiya ambirimbiri, mabuleki a disiki opanda waya. Nditabwera nayo kuno ku Dedza, kumene njinga timaidziwa ya kabaza ndi yonyamulira matumba a kachewere, anthu ankaima n'kumaiyang'anitsitsa. Ana a sukulu ankafinya buleki, n'kuwerama kufunafuna waya. Ine ndinkawayankha monyada kuti musavutike, umu mulibe waya, muli mafuta ngati a galimoto.

Mawu oti "ngati a galimoto" amenewo ndinawanena kambirimbiri mpaka ndinayamba kuwakhulupirira ndekha. Chipsera chili pa chigongono changa chakumanzerechi chinachokera pamenepo.

## Madala anakana

Patapita miyezi ingapo, buleki yakumbuyo inayamba kufewa. Ukafinya, chofinyira chinkayenda mtunda chisanagwire, ngati ukufinya buledi. Ndinapita nayo kwa madala ena amene amakonza njinga pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Akhala akundikonzera njinga kuyambira ndili wa yunifolomu, ndipo palibe sipoko kapena tcheni chimene chinawakanikapo.

Anaizungulira kawiri. Anafinya, n'kutsatira kapaipi ndi chala kuchokera pa handulo mpaka ku tayala lakumbuyo. Kenako anapukuta manja pa ovolosi.

"Aphunzitsi, iyi ine ayi."

"Bwanji madala? Si kungothiramo brake fluid basi?"

"Brake fluid ndimamudziwa, wa njinga zamoto ndi wa magalimoto. Koma apa alembapo kanthu. Ine maso anatha, ndiponso Chingerezi ndi chanu. Tawerengani."

Anandilozera kachivindikiro ka kathanki kamene kali pa handulo. Panali dzina la Shimano, ndi timalemba ting'onoting'ono takuti Mineral Oil. Ndinawerenga mokweza. Ndiye m'mutu mwanga, ine mphunzitsi wathunthu wophunzitsa ana a eni, ndinaganiza chonchi: mafuta onse amakumbidwa pansi panthaka, ndiye kuti onse ndi amodzi. Ndinaseka, n'kuwauza madala kuti azungu amakonda kuopseza anthu kuti tizigula zawo zokha.

"Mwina," anatero. "Koma ine chimene sindinachionepo sindithira m'njinga ya munthu. Mukafika nayo ku Lilongwe akakuuzani."

Ndinachoka ndikuti ukalamba wawapeza basi. Ku Lilongwe makilomita oposa 80, ndalama ya basi kupita ndi kubwera, njinganso ailipiritse ngati munthu, zonsezo chifukwa cha timafuta tosadzaza ndi kapu ya tiyi yomwe?

## Botolo la alamu

Alamu anga ali ndi njinga yamoto ya kabaza. Pa windo la kanyumba kawo kosungiramo makasu panali botolo la brake fluid wotchedwa DOT 4, mafuta ali theka. Chitsekerero chinatayika kalekale, ndiye pakamwa anakulungapo kajumbo n'kumanga ndi mphira wa chubu. Linakhala pamenepo dzinja lonse, n'kudzadutsanso nyengo ya chiperoni, ija nkhungu imakuta phiri la Dedza kuyambira m'mawa mpaka masana, zovala pachingwe osauma masiku atatu.

"Tengani alamu, mafuta ndi mafuta," anatero osayang'anako n'komwe.

Sirinji ndinagula kwa ogulitsa mankhwala a ziweto. Vidiyo ya pa YouTube ndinaonera theka, bandulo n'kutha. Theka linalo ndinati ndidzalidziwa ndikamagwira.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi ndikamakumbukira. Mafuta amene anatuluka m'njinga anali ofiirira, oyera bwino, ngati madzi a chidede osungunula. Amene ndinkathiramo anali abulauni ngati tiyi wochepa masamba. Atakumana mu sirinji anakanana: ofiirira pamwamba, abulauni pansi, ngati mafuta ophikira pa msuzi wozizira. Ndinakhutchumula, anachita ngati asakanikirana, posakhalitsa n'kupatukananso. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinapitiriza.

Dontho lina linagwera pa felemu, m'mawa mwake penti inali itachita matuza pamalopo. Icho ndinangoti chabwino, njinga ndi ya kaunjika kale.

Ndipo buleki inalimbadi. Masabata awiri ndinayenda nayo pa boma, kupita ku ntchito, ku tchalitchi, popanda vuto. Podutsa pa mtengo wa madala ndinkaliza belu dala.

## Kutsika

Loweruka lina mu Okutobala kunabwera uthenga woti azakhali akudwala ku Golomoti. Ndinamangirira kathumba ka kachewere ndi kabichi ziwiri pa keliyala, n'kulawirira. Msewu wa M1 mpaka pa Masasa, kenako kukhotera kumanzere, kulunjika ku Khwekhwelere.

Amene munadutsapo mukudziwa. Msewu umapindika ngati njoka yomenyedwa pamutu, uku thanthwe, uku phompho, kutsogoloku chigwa chonse chili poyera mpaka kunyanja. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathuyi sifika pa 500. Gawo lalikulu la kusiyana kumeneko umalitsika pa kamtunda kochepa. Ukamayamba umakhala uli m'juzi, pakati pake kamphepo kotentha kamayamba kukukhudza kumaso.

Ife tinakulira pa njinga zimene akuluakulu ankatiuza kuti buleki yakutsogolo osaikhudza, imagwetsa chamutu. Ndiye ine chiyambireni kutsika ndinangogwira yakumbuyo, osaisiya, kumangokhwekhwereza. Kona yoyamba, yachiwiri, yachitatu, bwinobwino. Ndinayamba kumva kafungo ngati ka poto wopserera, ndinati mwina ndi lole ina yadutsa kale.

Pena pake msewu unawongoka pang'ono. Zala zinali zitachita dzanzi, ndiye ndinasiya buleki kuti ndiziwongole. Masekondi atatu, anayi. Kutsogolo kunali kona yokhotera kumanja, yothina, ndipo kuseri kwake kunkaoneka mlengalenga mokha.

Ndinafinya. Chofinyira chinangobwera chonse mpaka kugunda pa handulo, phwa! ngati ndafinya mphepo. Ndinasiya, ndinafinyanso. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinafinya mwamphamvu mpaka chinandipana chala chapakati. Njinga inkangothamangirathamangira, thumba la kachewere likundikankha kumbuyo.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza zogwira yakutsogolo. Dzanja linachita lokha. Tayala linalira, njinga inagwedezeka, liwiro linatsika, koma ndinali nditafika kale m'timiyala ta m'mbali mwa msewu. Chimene ndinasankha ndekha n'chimodzi: kugwera mbali ya phiri osati ya phompho. Ndinalowa m'ngalande, chigongono patsogolo.

Nditadzutsa mutu, chimene ndinayamba kuona ndi mbatata zanga zikugubuduka pa tala, imodziimodzi, kulowera ku Golomoti popanda ine.

## Wamakala

Munthu woyamba kufika anali wamakala, akukankha njinga yake kukwera, matumba atatu osanjikiza, thukuta lili kamukamu. Anaitsamiritsa pa thanthwe n'kubwera.

"Achimwene, mwathyoka?"

Sindinathyoke. Khungu lokha ndi limene linatsala pa miyala. Anandithandiza kudzuka, anatola mbatata zimene zinali pafupi n'kuziika m'chipewa chake. Kenako chidwi chake chonse chinapita pa njinga. Anafinya buleki yakumbuyo, inangoti phwa. Anatambasula dzanja kuti akhudze disiki, kambale kachitsulo kaja ka pakati pa tayala, ndinamuletsa. M'malo mwake ndinadonthezapo madzi a m'botolo langa. Anangoti tsii, n'kuuma pomwepo. Disikiyo inali itasintha mtundu, m'mbali mwake muli chabuluu.

Tinakhala pamthunzi, ine ndikumanga chigongono ndi mpango, iye akudya kabichi yanga yosweka ija yaiwisi. Anandionetsa buleki yake: chidutswa cha tayala la galimoto chimene amaponda ndi chidendene kuti chikhude tayala lakumbuyo. Anati chikatha amadula china.

Patapita mphindi makumi awiri kapena kuposerapo, ananyamuka kuti azipita, n'kufinyanso buleki yanga ija mongoseweretsa. Inagwira. Yolimba ngati sinalakwepo kanthu. Anafinya kachiwiri, anazunguza tayala, anafinyanso, tayala linaima nji.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, njinga iyi munagula kwa ndani? Mwina mwini wake sanaitaye ndi mtima umodzi."

Ndinaseka, koma kuchokera pamenepo mpaka kumunsi ndinatsika wapansi, njinga ndikukankha. Ndinafika kwa azakhali dzuwa litapendeka, iwo n'kuyamba kudandaula za ine m'malo moti ine ndidandaule za iwo.

## Mizimu yake inali nthunzi

Funso la wamakala uja linandikhala. Buleki yothyoka imakhala yothyoka, siichira yokha pamthunzi. Ndinawerenga, ndinafunsa, ndipo yankho lake ndi lomwe ndimaphunzitsa ana m'kalasi, kungoti sindinaliganizire pa njinga.

Buleki ya mafuta imagwira chifukwa zamadzimadzi sizifinyika. Ukakankha kuno ku handulo, mphamvu yonse imakafika ku timapisitoni ta mu kalipa, kachitsulo kaja kamapana disiki. Koma nthunzi imafinyika. Mafuta akawira mu kalipa, chala chako chimangopanikiza thovu, ku tayala sikufika kanthu. Ndipo nthawi yonse imene ndinali nditagwira buleki, mafuta anali opanikizika, zimene zimachedwetsa kuwira. Nditangosiya kuti ndiwongole zala, kupanikizika kunachoka, anawira nthawi yomweyo. Atazizira, nthunzi inabwerera kukhala madzi, buleki n'kugwiranso.

Nanga anawiriranji msanga? DOT 4 watsopano, wongotsegula kumene, amayenera kupirira mpaka madigiri 230. Koma mafuta a DOT amamwa chinyezi cha mumpweya. Akamwa madzi okwana 3.7 peresenti yokha, muyezo wake umalola kuti atsike mpaka madigiri 155. DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140, DOT 5.1 pa 260 kufika pa 180. Ndiye taganizani botolo lotseka ndi kajumbo, limene lapuma nkhungu ya ku Dedza kuyambira Disembala mpaka Ogasiti. Kuwonjezera apo, DOT ndi wolemera kuposa mafuta a mineral, monga ndinaonera mu sirinji muja. M'njinga anachitanso chimodzimodzi: anatsikira pansi, mu kalipa, pamalo penipeni pamene moto umayakira.

Ndisanamizire botolo lokha. Kukhwekhwereza buleki imodzi phiri lonse, ndi katundu kumbuyo, kukhoza kutenthetsa ngakhale mafuta abwino. Pano ndimagwira zonse ziwiri, mwamphamvu ndisanafike pa kona, n'kusiya kuti disiki ipume. Yakutsogolo ija tinkaiopa ndi imene ili ndi mphamvu zambiri, ndipo ndi imene inandisiya ndi moyo.

## Mphira sukhululuka

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera m'ngalande muja. Ayi. Patangotha masabata ochepa chofinyira chinayamba kubwerera mwaulesi. Kenako kalipa anayamba kuchita thukuta la mafuta, mapadi aja amakhudza disiki ananyowa, buleki ikumalira ngati nkhumba yopita ku msika koma osagwira. Ulendo wa ku Lilongwe umene ndinkauthawa uja ndinauyenda.

Makaniko wake anali mnyamata, mwina wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi. Anatsegula kathanki, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Bwana, ndani anakuthirirani izi?"

Ndinati munthu wina wake ku Dedza. Sindinaname kwenikweni.

Anatulutsa kamphira ka pansi pa chivindikiro, kali kokwinyika ngati tsamba la fodya. Anandifotokozera kuti timphira totseka mafuta m'mabulekimu n'tosiyana. Ta mabuleki a DOT n'topangidwa ndi mphira wa EPDM, umene ukakumana ndi mafuta a mineral umatupa. Ta mabuleki a mineral ndi ta mphira wina, umene DOT amaudya. Ukalakwitsa, mbali iliyonse, kutsuka pambuyo pake sikubweza mphira umene wawonongeka kale. Timphira ta mkati mwa Shimano n'tovutanso kutipeza patokha. Mapeto ake ndinagula buleki yonse yakumbuyo, chofinyira, paipi, kalipa ndi mapadi. Ndalama yake ndikanapita nayo ku Lilongwe kangapo n'kudya chipisi ulendo uliwonse.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga zivindikiro za njinga za eni, mpaka ena amandiona ngati ndikufuna kuba. Shimano, Tektro ndi Magura ndi za mineral. Hope, Hayes, Avid ndi SRAM zambiri ndi za DOT, koma SRAM yatulutsanso mabuleki ena atsopano a mineral, ndiye dzina lokha silokwanira. Maonekedwe a mafuta nawonso sangakuthandize: a Shimano ndi ofiirira, a Magura ndi abuluu, onsewo ndi mineral. Chimene chimanena zoona ndi timalemba ta pa kachivindikiro, tomwe madala anandiwerengetsa tija.

Kwa a DOT kuli msampha wina. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a banja limodzi, amasakanikirana, ngakhale kuti ukathira wotsika mwa wokwera watsitsa mphamvu yopirira kutentha. Koma DOT 5, wopanda kadontho ndi 1 kumapeto, ndi wa silikoni, nthawi zambiri wapepo, ndipo sagwirizana ndi anzakewo. Wogulitsa akakuuzani kuti 5 ndi 5.1 ndi chimodzimodzi, tulukani m'sitolomo.

## Kugula ndi kusunga, kuno kwathu

DOT savuta kupeza. Ali m'masitolo a zipangizo za galimoto pa boma, pa Lizulu, pa Ntcheu, ngakhale pa filingi siteshoni. Chovuta ndi kupeza wabwino. Ine wopungulira m'botolo la zakumwa, monga amachitira ogulitsa petulo m'mbali mwa msewu, sindingagule ngakhale atatchipa bwanji. Sudziwa kuti ndi nambala yanji, watsegulidwa liti, m'botolomo munali chiyani. Gulani kabotolo kakang'ono kwambiri kamene mungapeze, kokhala ndi kapepala konyezimira kaja pakamwa kasanabooledwe. Lalikulu limaoneka lotchipa, koma njinga imamwa pang'ono, ndipo lotsalalo limayamba kukalamba tsiku lomwe mwatsegula. Lembani tsikulo pa botolo, tsekani zolimba, chikatha chaka musathirenso m'buleki.

A mineral ndi osiyana. Kuno sindinawaonepo pa shelefu, ndimaitanitsa ku Lilongwe, ndipo ulendo wina anandibweretsera msuweni wochokera ku Johannesburg. Kabotolo ka mamililita 100 kamakwanira mabuleki onse awiri n'kutsalako. Ubwino wake samwa chinyezi, ndiye botolo lotsekedwa bwino, losungidwa pamthunzi kopanda fumbi, limakhala zaka. Koma kusamwa madziko kuli ndi mbali yake ina. Madzi akalowa m'paipi sasungunuka m'mafuta, amatsikira mu kalipa n'kukhala okha, ndipo madzi amawira pa madigiri 100, kuno kumtunda asanafikenso pamenepo. N'chifukwa chake ngakhale a mineral amafuna kusinthidwa akayamba kuda.

Dzina loti mineral nalonso limasocheretsa. DOT ali ndi muyezo umodzi umene unaikidwa ndi nthambi ya boma la America yoona za mtengatenga, ndiko kunachokera zilembo zitatuzo. A mineral alibe muyezo wotere, kampani iliyonse imasakaniza ake. Mnzanga wina wa ku Bembeke anandifunsa ngati angathire mafuta a makina osokera, wina anati a ana odzola aja. Ndamvapo oti anathira n'kuyenda. Inenso ndinayenda masabata awiri, ndikuliza belu.

Zanga zonse zimakhala m'chitini cha bisiketi pamwamba pa kabati: kabotolo kofiirira, sirinji yake, kapaipi kake. Sirinji imene inakhudza DOT ija ndinataya, chifukwa timadontho totsalira timakwana kuwononga. Pamwamba pa kabati chifukwa cha ana. DOT makamaka ndi poizoni, ndipo m'botolo losalemba amaoneka ngati mafuta ophikira. Pothira ndimayamba ndachotsa tayala ndi mapadi n'kuziika patali, poti padi ikamwa mafuta ndiye kuti yapita.

## Alamu abweranso

Kwa madala ndinabwererako, chipsera chisanapole bwino. Sanandifunse kanthu. Anangoyang'ana chigongono, n'kuyang'ana buleki yatsopano, n'kundisuntira benchi. Pano tikamatulutsa mpweya m'mabuleki timachitira limodzi pansi pa mtengo wawo, iwo agwira sirinji kumunsi, ine ndikuyang'anira thovu kumtunda. Njinga za mtunduwu zayamba kuchuluka pa kaunjika, ndipo iliyonse ikafika amaitana mwana wa sukulu wodutsa kuti awawerengere chivindikiro.

Mwezi watha alamu anatulukira kwathu m'mamawa, njinga yamoto ikulira panja.

"Alamu, buleki yakutsogolo yafewa, ndipo botolo lija munamaliza ndinu. Tandigawireni ofiirira anu aja, ndamva kuti ndi apamwamba."

Ndinawatengera panja, ndinapukuta fumbi pa kathanki ka njinga yawo ndi chala. Panalembedwa DOT 4. Ndinawauza kuti anga aja akathira, timphira tawo titupa, ndipo iwo amanyamula anthu, ena ndi ana kumsana.

"Ndiye mukundimana? Ine ndinakupatsani osawerengera."

Mayi a kunyumba anali pakhomo ndi tsache, akuyang'ana uku ndi uku, achimwene awo mbali iyi, ine mbali iyo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga jekete ndi kachikwama, n'kukwera kumbuyo kwa njinga yawo.

"Tiyeni pa boma, ndikakugulireni losatsegula. Koma muziyenda pang'onopang'ono, buleki yanuyi ndaifinya."